Tsiku limene mtanda wa mwala unagwera abambo

Ndikukumbukira mtanda wa mwala umene unaima pakati pa bwalo la mudzi wathu, cha ku Malemia. Unali wautali kuposa munthu, wa ndere m'munsi, ndipo dzina la mmisiri amene anausema linali litaiwalika kalekale. Pakati pake anasemapo mphesa, koma ife ana, poti mphesa sitinkazidziwa, tinkati ndi masuku.

Chaka china cha m'ma 1980 mvula inavumba kwambiri. Mtsinje wa Domasi unkamveka mpaka m'nyumba, nthaka inafewa, mtanda n'kupendekeka. Pasaka inali pafupi, ndipo mapemphero a Njira ya Mtanda ankathera pamenepo. Choncho Lachisanu lina abambo ndi anzawo ochepa a mpingo anabwera ndi zingwe za khonje ndi mitengo ya bulugamu kuti auwongole. Ine ndi amayi tinawabweretsera thobwa.

Chingwe chinaduka ndikuona. Mwalawo unatsika ngati wosafuna, kenako thi! pamwendo wa abambo. Sanakuwe. Anangoluma mano, nkhope ili mbuu. Anzawo anayesa kunyamula, koma mtanda sunasunthe.

"Thamanga, Esinati, kaitane anthu!" anatero amayi.

Kumsewu ndinakumana ndi amuna achiyao akuchokera kumzikiti, atavala mikanjo yoyera mbee. Kutsogolo kunali Che Yusufu, wokonza njinga.

"Amalume, mtanda wagwera abambo!"

Sanafunse china. Anakwinyira mkanjo m'chiuno n'kuyamba kuthamanga, anzawo ali pambuyo. Analowa m'matope mpaka m'mawondo, n'kulowetsa mitengo pansi pa mwalawo. "Tiyeni, a Phiri, gwirani uko! Limodzi!" anatero Che Yusufu kwa mmodzi wa a mpingo aja. Ndinamva fungo la dothi lonyowa ndi thukuta, wina akutchula Yesu, wina Allah, mpaka mwala unatukuka pang'ono, amayi n'kuwakoka abambo m'khwapa.

Fupa linali litathyoka, koma matope anateteza mwendo kuti usaphwanyike. Che Yusufu anawakankha panjinga mpaka kuchipatala. M'mawa mwake anthu omwewo anabweranso osaitanidwa, ndipo pamodzi ndi a mpingo anauimika mtanda uja, n'kutsendera miyala m'munsi. Amayi anaumirira kuchapa mikanjo yonse. Sopo anatha, koma kufiira kwa dothi sikunachoke.

Abambo anatsimphina moyo wawo wonse. Ankakonda kunena kuti ena mtanda amangouimbira nyimbo, iwo okha ndiwo akudziwa kulemera kwake.

Lero mtandawo auzinga ndi mpanda wa zitsulo, ndipo achinyamata amajambulitsa pamenepo ndi mafoni. Ndimamva pawailesi anthu akukangana za zipembedzo, mawu ali okwera. Ine ndimangokumbukira tsiku lija. Abambo anakalamba ndi miyendo yawo iwiri, anavina paukwati wanga motsimphina momwemo, ndipo woyamba kuwaombera m'manja anali Che Yusufu.