Gawo Limene a Tsekani Anabisa

Muofesi mwathu munali madesiki awiri ndi fani imodzi yolira ngati ikudandaula. Desiki la pawindo linali la bambo amene tonse tinkawatchula kuti a Tsekani. Dzinali analipata chifukwa cha pakamwa pawo. Akangoona kompyuta yasiyidwa yotsegula mwiniwake ali ku tiyi, ankaima pakhonde n'kufuula, "Tsekani, anthu inu! Matenda a anzanu si nyuzipepala!" Desiki linalo linali langa. Ine ndinkaphunzitsa makalaliki, ndipo ndinkakangana nawo bambowa pafupifupi tsiku lililonse.

Ntchito yawo inali yosamalira nkhokwe ya mbiri za odwala a m'zipatala zonse za bungwe lathu. Mbirizo sizinkakhala m'makompyuta athu. Zinkasungidwa kutali, kumene akatswiri amati mumtambo, moti a Tsekani ankaseka kuti tsiku lina kudzagwa mvula ya mayina a anthu. Mbiri iliyonse inali ndi magawo ake: dzina, zaka, wodi, ndi gawo lalikulu la ndemanga, mmene anamwino ankalembamo chilichonse chimene aona. Pamwamba panali kabokosi kofufuzira. Ukalembamo liwu, makina ankayang'ana mu kalozera wawo n'kukubweretsera aliyense amene liwulo likupezeka m'mbiri yake.

Kabokosi kameneka ndi kamene kanaputa tsoka. Kalaliki wina wa pakamwa posatseka analembamo liwu loti "mimba" pongotayitsa nthawi, n'kupezamo mwana wa neba wake. Sabata isanathe, mtsikanayo anali atasiya sukulu chifukwa cha manyazi. A Tsekani anapsa mtima kwambiri. Anachotsa gawo la ndemanga mu kalozera. Mawu onse anatsala momwemo, koma kabokosi kanasiya kuwaona. Kenako anaumiriza akuluakulu kuika lamulo loti aliyense wofuna kufufuza m'gawolo, ngakhale iwo eni akewo, ayambe wapempha chilolezo ku komiti. Tsiku limenelo ndinawaombera m'manja, sindibisa.

Kunyumba analibe mkazi. Ankakhala ndi mng'ono wawo wosokonezeka mutu, amene anabadwa ndi chala chachisanu ndi chimodzi kudzanja lamanzere. Ankamumeta okha Loweruka, ankamuphikira, ndipo m'mawa uliwonse potuluka ankamuuza kuti, "Ukhale pompano, ndibwera ndikaweruka." Nthawi yoweruka ikakwana, a Tsekani sankachedwa ngakhale kutsanzika. Matenda akavuta, mng'onoyo ankaiwala dzina lake n'kumadzitchula dzina lililonse limene wamva pa wailesi.

Tsiku lina madzulo a Tsekani anapeza chitseko chili pululu, wailesi ikulankhula yokha.

Anayenda bambo aja mpaka nsapato kutha. Kupolisi, kumadepoti a basi, pansi pa milatho, konse anafikako. M'mawa akafika kuntchito ankalemba dzina la mng'ono wawo m'kabokosi muja, ndipo makina ankayankha kuti palibe. Nkhope inagwa, kolala ya shati inayamba kuwakulira. Mtima unandipweteka, ndipo ine mtima ukandipweteka ndimalalata.

"Bambo, dzinalo silikuthandizani," ndinatero. "Mukudziwa kuti iye amatchula mayina a eni ake. Koma namwino aliyense akaona chala chija alemba ndithu. Bwezerani gawo lija mu kalozera, mufufuze, mutsekenso. Adziwa ndani?"

"Mayi, ndikalibwezera litseguka kwa makalaliki onse, m'zipatala zonse, osati kwa ine ndekha," anayankha osandiyang'ana. "Ndapempha kale ku komiti."

"Komiti! Anthu aja amakumana akamva kuti kuli zakudya. Ndionetsetse adathetsa nkhosa, bambo. Uyu ndi mng'ono wanu, magazi anu!"

"Mtsikana uja nayenso anali magazi a wina."

Ndinatuluka n'kumenyetsa chitseko. Mpaka lero sindidziwa kuti wolondola anali ndani, ndipo kusadziwako kumandiwawa.

Wapampando wa komiti anali patchuthi. Atabwerako anafuna kuti anzake onse apezeke kaye. Chilolezo chinafika mwezi utapita. Makalaliki onse anauzidwa kuti atuluke m'nkhokwe masana amenewo, a Tsekani anabwezera gawo lija, ndipo tinakhala phee kudikira makina amalize kumanga kalozera. Atamaliza, analemba ndi chala chimodzi mawu a chala chija, pang'onopang'ono, ngati munthu amene sanagwirepo kompyuta.

Panatuluka munthu mmodzi yekha. Anali m'chipatala chathu chaching'ono cha kutsidya kwa tawuni, atalembedwa ndi dzina la woulutsa mawu wa pa wailesi. Anthu anamutola m'mbali mwa msewu akutentha thupi. Anali atamwalira sabata imodzi chilolezo chisanafike, ndipo poti panalibe m'bale wobwera, anaikidwa pamodzi ndi ena osowa eni.

A Tsekani anatsegula ndemanga. Namwino womusamalira anali wakhama, ankalemba tsiku lililonse. Koyamba analemba za chala chija. Tsiku lotsatira analemba kuti, "Wakana kumetedwa, akuti amamumeta achimwene ake." Pansi pake, "Wadya pang'ono. Akuti achimwene abwera akaweruka." Mawu omwewa anabwerezedwa mzere ndi mzere mpaka pomaliza, pamene analemba kuti, "Wapempha kuti bedi liyang'ane kuchitseko."

Ine ndinalira mokweza, osasamala za anthu a pakhonde. A Tsekani sanalire. Anawerenga mpaka pansi, anapukuta magalasi awo ndi tayi, kenako anachotsanso gawo lija mu kalozera. Anayesa kufufuzanso mawu omwe aja kuti atsimikize kuti chatsekeka. Makina anayankha kuti palibe.

Akadali pa desiki la pawindo. Makalaliki atsopano sadziwa kumene dzina lawo linachokera, chifukwa masiku ano akapeza kompyuta yotsegula amangoitseka okha mwakachetechete. Nthawi yoweruka ikakwana amazimitsa kompyuta, amavala jekete, amanyamula chikwama, kenako amakhalanso pampando. Ine ndimawasiya choncho, atayang'ana kuchitseko.