Kabatani ka K38,000 sikanawapeze bambo anga

Lachiwiri, 9 koloko m'mawa, bambo anga anasowa pakhomo ku Chulu. Ndi okalamba, mutu unayamba kuiwala. Tonse tinali kumunda kuthyola fodya.

Poyamba sindinade nkhawa. M'kolala ya jekete yawo ndinasokeramo kabatani kamene ndinagula chaka chatha pa sitolo ina ya mafoni paboma, K38,000. Wogulitsa anati kamalumikizana ndi foni, kulikonse angapite ndidzawaona. Chifukwa cha mawu amenewo tinaleka kusiya munthu wowayang'anira.

Ndinatsegula foni. Palibe. Ndinazungulira m'zigafa za fodya, kudambo, kumanda. Palibe. Chimanga chatalika, munthu atakhala pansi simungamuone.

2 koloko ndinafika pa sitolo ija. Mnyamata amene anandigulitsa anandisiya chiimire, akumata galasi pa foni ya mtsikana wina. Atamva nkhani yanga ananena kuti kabataniko kamamveka pokhapokha foni ili pafupi, ngati kuchokera pakhonde kufika kukhola. Kupitirira apo sikasiyana ndi chitsekero cha botolo.

Ndiye ndinagula chondiuza kuti bambo ali pakhonde ine ndili pakhonde pomwepo? Maso ndilibe?

Ndinapempha kuonana ndi mwini sitolo. Anatuluka akukukuta chimanga chootcha, n'kuyamba kundiphunzitsa malonda. Akuti kumene amapanga tinthuti tsopano akupanga tambirimbiri, mtengo wopangira unagwa, pepala lokutira ndiye likudula kuposa kabataniko. Anandilozera mbale yodzaza timabatani pa kauntala, K6,500 kamodzi. Akuti chinthu chotchipa chonchi iye alibe nthawi yomvera madandaulo ake. Ndinamukumbutsa kuti ine sindinagule motchipa. Anati limenelo ndi tsoka la othamangira zinthu. Ndinamuuzanso kuti sindinabwerere ndalama, wasowa ndi munthu.

"Tengani tiwiri, madala, ndikuchotserani," anatero. "Kena muwamangirire amayi, angasowenso."

Mnyamata uja anaseka. Amayi tinawaika m'manda chaka chadzana. Ndinatuluka.

Madzulo kunagwa mvula yamphamvu. Bambo anali panja, kwinakwake.

Inu a sitolo, funso langa ndi limodzi. Tsiku lija munandigulitsa, munkadziwa kuti kamalekezera kukhola, kapena simunkadziwa? Ngati munkadziwa, ndinu akuba. Ngati simunkadziwa, mukugulitsiranji? Ndipo inu amene mukuthamangira mbale ija poti zatchipa, musanamangirire mwana, ng'ombe kapena kholo lanu, uzani wogulitsayo akaike m'thumba ayende mpaka kudepoti, inu mutagwira foni.

Lachitatu m'mawa ndinapita kuchipatala, ndinapempha kuona m'nyumba yachisoni. Ananditsegulira. Bambo munalibe. Ndinathokoza, n'kukwera njinga kulowera ku Simlemba, ku esiteti imene ankagwirako utenanti ali mnyamata. Masiku ano mukawafunsa kwawo, amatchula kumeneko.