Chinkhoswe cha Kadi Yopanda Dzina

Usiku wathawu ndinalota zinthu zoti ndikanakhala munthu wopemphera kwambiri bwenzi pano ndili kuphiri. Koma ndisanafotokoze malotowo ndiyambe ndakuuzani pamene ndaima, chifukwa ena mungaganize kuti ndinangogona nditadya nyemba zosapsa.

Ine ndimagulitsa machaja ndi makava a foni ku Limbe, ndipo pambali ndimajambula ndi kukonza mavidiyo a zikondwerero. Mlamu wanga Tadala, mng'ono wa mkazi wanga, mayi a Mphatso, anachita chinkhoswe posachedwapa. Banja linali litapeza kale wojambula, koma ine ndi pakamwa pangapa ndinati amusiye ameneyo, mkamwini alipo ndipo achita zoposa pamenepo. Vidiyo ndajambula, ndadula, ndaika nyimbo. Chatsala n'kurenda basi, kutanthauza kuti kompyuta isoke zidutswa zonsezo zikhale fayilo imodzi yoika pa fulashi. Apongozi anga ali kunyumba kwathu kuno kudikira fulashiyo. Akwera basi ya ku Ntcheu mawa m'mawa, ndipo kumudzi anauza kale achibale amene analephera kubwera kuti akasonkhane. Wailesi ya kanema ndi jenereta anabwereka kale.

Vuto ndi lakuti kompyuta yanga ikamarenda imachita ngati ngolo yokwera chitunda. Anzanga anandiuza kuti ndigule kadi ya zithunzi, ija amati galafikisi kadi, kuti izilandira purosesa, pakuti purosesa payekha ntchito ya vidiyo imamukulira. Ndinaipeza kwa venda wina dzina lake Chikopa, yogwirapo kale ntchito, ya mafani awiri. Ndinamunenerera mpaka anavula chipewa n'kumadzikupiza nacho. Kunyumba ndinaiika m'bokosi la kompyuta, inalowa bwinobwino. Koma pulogalamu yanga yokonzera mavidiyo sikuiona. M'masetingi, pamalo posankha kuti kadi ndiyo irende, mawu ake ndi otuwa, ukadina sipachitika kanthu. Ndiye ndinangoyambitsa kurenda momwemo n'kupita kukagona.

M'malotomo chinkhoswe chinali chikuchitikanso pabwalo pathu, koma bwalolo linali m'kati mwa bokosi la kompyuta. Pansi panali pobiriwira ndi polimba, mawaya akulendewera pamwamba ngati zingwe zoyanikapo zovala, ndipo kunkaomba mphepo yotentha yonunkha pulasitiki wopserera. Palibe amene ankadabwa nazo. Azimayi anali atavala nsalu zofanana, tenti itamangidwa, ine ndili pampando wakutsogolo nditanyamula tambala kukhwapa. Ndinazindikira kuti nkhoswe ya kuchimuna ndine, ndipo mwamuna wofuna banjayo ndi pulogalamu yanga. Anali bambo wonenepa wa suti yakuda, atakhala phee pambali panga, pachifuwa pake pali mzere wabuluu uja umaonetsa pamene ntchito yafika. Mzerewo unali utangoyamba kumene, kuchita kuufunafuna ndi maso.

Kumapeto kwa bwalo kunaima basi ya ku Ntcheu, injini ikulira. Pakhomo pake apongozi atakhala pa chikwama chawo, atandifulatira monga mwa nthawi zonse, pakuti kwathu mkamwini ndi apongozi sayang'anana kumaso. Pakati pa tenti ndi basi pankayenda mkulu wina woonda, wopanda malaya, atasenza chithunzi chimodzi pamutu. Ankakachisiya m'basi n'kubwerera kudzatenga china pa mulu wofika kudenga. Ameneyo anali Purosesa. Nthiti zonse zili pamtunda, thukuta lili kamukamu. Akamandidutsa ankandiyang'ana, ndipo ine ndinkayang'ana tambala.

Ndiye azimayi anayamba nyimbo, nthungululu zili mbali zonse, n'kutulutsa anthu awiri ofunda zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga amachitira pa chinkhoswe kuti akuchimuna aloze wawo. Mmodzi anali wamkulu, mapewa ngati firiji, chitenje chake chotuwa. Winayo anali kakang'ono, kakutsokomola m'kati mwa nsalu. Kutsogolo kwawo kunali nkhoswe ya kuchikazi itanyamula thadzi. Nditayang'anitsitsa, ndi Chikopa, atavala jekete pamwamba pa jezi ya mpira.

"Mwafika, akulu," anatero. "Lozani wanu. Koma mwambo mukuudziwa: mukaloza wolakwika, mupereka ya thiransipoti yomubwezera."

Munthu wanzeru akanangoloza wamkuluyo, nkhani n'kutha. Koma ine ndikamva kuti pali cholipira, thupi limayamba lokha, mutu umabwera pambuyo. Ndinaimirira ndi tambala wanga, n'kumuzungulira wamkulu uja, kumugogoda paphewa ndi chala, kupukusa mutu. Ndinati katunduyu akuoneka wotopa, ndaona wina wabwino kuseri uko. Nyimbo inaima. Azakhali ena anagwira pakamwa. Kenako ndinachita chija chimandigwirira ntchito ku Limbe tsiku ndi tsiku: ndinatembenuka n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono, khutu lili m'mbuyo kudikira kuti wina akuwe kuti bwerani akulu, tikambirane.

Palibe anandiitana. Ndinayenda, ndinayenda, mpaka ndinapezeka pa benchi yanga kumsika, mvula ikugwa m'kati mwa shedi mokha, kunja kuli dzuwa. Makasitomala anali pamzere, ndipo onse anali achibale a ku Ntcheu, aliyense atanyamula kampando kake kokhalira poonera kanema. Sankagula kanthu. Ankangondipatsa moni mwaulemu, kufunsa ngati ntchito ikuyenda, n'kubwerera kumbuyo kwa mzere kukayambiranso. Ulemu umenewo ndiwo unkandiopsa. Ndiye tambala anandijompha padzanja, ndipo ndinali pabwalo paja kachiwiri. Kondakitala anali atayamba kumenya basi ndi chikhatho.

Mzere wa pachifuwa pa pulogalamu unali utasuntha pang'ono chabe. Purosesa tsopano ankayenda ndi mawondo.

Chifukwa cha manyazi, komanso poganiza kuti ndikalakwitsa kakang'ono sikadula kubweza, ndinaloza kakang'onoko. Atakavundukula ndinakadziwa: ndi kakadi kaja kamabwera kali komatirira kale m'kompyuta ukamagula, kongokwanira kuonetsa zilembo. Kanagwada, kanandipatsa moni bwinobwino, n'kuthamangira ku mulu wa zithunzi. Kananyamula chimodzi, kanadzandira, kanagwa nacho. Chithunzicho chinasweka, Tadala n'kutulukamo ali ndi nkhope yobiriwira, mwamuna wake wopanda mutu, onse akuvinabe.

Ndiye ndinamva mawu a apongozi, osatembenuka, akulankhula ndi mwana wawo monga amachitira akafuna kuti uthenga undipeze ine.

"Iwe Esime, tawafunsa bambo a Mphatso. Ndikwere kapena nditsitse katundu?"

Mayi a Mphatso anali pomwepo pambali panga, sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji. "Mwamva," anatero basi.

Ndinathamangira wamkulu uja kuti ndimuvundukule ndekha. Dzanja langa linapyola chitenje chotuwacho ngati likupyola utsi. Ndinayesanso ndi manja awiri, tambala nditamupana ndi miyendo, chimodzimodzi. M'kati mwa nsaluyo ndinkaona maso awiri aakulu ozungulira, mafani aja, ataima chilili. Ndinabwerera kwa pulogalamu, ndinamukoka suti kuti aimirire akatenge yekha mkazi wake. Iye anayang'ana kumene ndinkalozako, n'kunena kuti sakuonapo munthu pamenepo, akuona mpanda.

"Wotuwa sagwirika, akulu," anatero Chikopa, akusisita thadzi lake. "Awiriwa sadziwana. Pafunika a kubanja kwa mkaziyu abwere adzawalumikize, aja inu a makompyuta mumati madiraiva. Ndipo sabwera mukapanda kutchula dzina lake lonse. Mutchuleni."

Ndinatsegula pakamwa. Ndinati Kadi. Anthu anaseka. Ndinati Galafikisi. Anasekanso kwambiri, ena mpaka kugwa pamipando. Ndinati Wa Mafani Awiri, ndinati Mayi, ndinati Bwana, ndinatchula ngakhale mfunda wa kwathu. Wa chitenje chotuwa sanagwedezeke.

"Tsiku lija munafunsa mtengo wokha," anatero Chikopa. "Dzina simunafunse."

Ndipo ngakhale m'tulo ndinadziwa kuti sakunama. Kumsana kwa kadi kumakhala kapepala kolembedwa dzina ndi manambala ake. Pa yangayi kanali kong'ambika, ndipo ine ndemwe ndinaloza pong'ambikapo n'kumuuza kuti katundu wopanda dzina amapita pa mtengo wa tomato wa madzulo. Mfundo imeneyo ndiyo inamugonjetsa. Ndinabwera kunyumba ndikuimba mluzu.

Ndiye ndinagwada. Ine amene, pamaso pa venda, anthu akuona. Ndinati achimwene, ndinong'onezeni chilembo choyamba chokha, zinazo ndipeka. Ndinamupatsa tambala, anakana kuti mwambo sunafike posinthana nkhuku. Ndinavula wotchi, ndinavula nsapato. Iye anayamba kundizungulira, kundigogoda paphewa ndi chala, kupukusa mutu, n'kuuza anthu kuti waona mkamwini wabwino kuseri uko. Azimayi anavomera ngati nyimbo. Kenako anatembenuka n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono, atatsogoza wa chitenje chotuwa. Ndinakuwa kuti bwerani tikambirane, koma mawu sanatuluke. Amene analira ndi tambala.

Kenako Purosesa anagwa chafufumimba pakati pa njira, utsi ukutuluka m'makutu. Mphepo yotentha ija inakula, inaphwasula mulu wa zithunzi, zonse m'mwamba: azakhali akuvina, mbale ndi mapoto a mphatso, ana akulimbirana zakumwa, nkhope ya bambo wina amene anagona pamwambo ndipo ndinamudula kale m'vidiyo. Ndinawakha chimodzi kuti ndisenze ndekha. Chinali cholemera ngati thumba la simenti. Nditayang'ana m'mbuyo, mzere wa pachifuwa pa pulogalamu unali utayamba kubwerera kumene unachokera, mwini wake akudya mpunga, wopanda nkhawa.

Basi inayamba kuyenda, apongozi ataima pakhomo pake, atandifulatirabe. Ndinathamanga nacho chithunzi changa chimodzicho. Pansi pobiriwira paja panali patayamba kusungunuka, mapazi akumatirira, phazi lililonse kuchita kulizula. Ndinafika pafupi moti ndikanatha kugwira chitseko. Ndiye apongozi anayamba kutembenuka.

Abale, chikwatirireni mwana wawo, ine nkhope ya amayi amenewa ndimaionera chakumbali kapena pa chithunzi. Anatembenuka pang'onopang'ono, duku poyamba, kenako khutu, kenako tsaya. Mayi a Mphatso anakuwa, "Bambo a Mphatso, yang'anani pansi!" koma khosi langa linauma gwa. Anandiyang'ana m'maso. Sanakalipe. Anangotambasula dzanja, chikhatho m'mwamba, kudikira fulashi. Ndinapisa m'thumba, ndinatulutsa chaja. Thumba lina, chaja. M'malaya, m'sokosi, machaja okhaokha, akugwera pansi n'kumakwawa. Ndiye anatsegula pakamwa, ndipo munatuluka phokoso la fani, likukwera, likukwera.

Ndinadzidzimuka. Kunja kunali kutayera kale, ndipo phokoso lija linali likupitirira, likuchokera pabalaza. Ndinathamangirako. Bokosi la kompyuta linali lotentha moti ukhoza kusitira malaya. Mzere wabuluu sunafike ngakhale pakati, ndipo nthawi yotsala imene yalembedwa pansi pake ndi yoti basi ikafika ku Ntcheu n'kubwerako ntchito isanathe. Ndinasuzumira m'bokosimo ndi tochi ya foni: fani ya purosesa ikulira ngati ikufuna kuuluka, mafani awiri a kadi ali chiimire, fumbi lawo silinasunthe n'komwe. Panja apongozi anali akusesa, chikwama chawo chili kale pafupi ndi chitseko, chomangamanga.

Tsono ndithandizeni, magulu onse awiri. Inu odziwa maloto, apongozi kukuyang'ana m'maso atatambasula dzanja, zimatanthauza chiyani? Nanga kukhala nkhoswe, tambala wako n'kukanidwa? Ngati ndi zoti ukwati wanga uli pangozi mundiuze kumbali, osati pagulu pano. Inu odziwa makompyuta, kodi pali njira yoti kadi inene yokha dzina lake popanda kapepala kaja, kuti ndipeze madiraiva ake, pamalo potuwa paja payambe kudinika? Ndipo ndikasiya kurenda kumene kuli m'katiku kuti ndikonze zimenezo, kenako n'kukanika, ndiye kuti ndataya zonse ziwiri? Zoti ndigule ina musatchule n'komwe.

Chikopa ndamuimbira m'mawa uno. Akuti dzina akulidziwa bwinobwino, ndi manambala omwe, koma limagulitsidwa palokha, ndipo watchula mtengo wake kuti ndi womaliza. Ndinayang'ana chikwama chili pachitseko, mtima ukunena kuti vomera. Ndinangomva pakamwa panga pakulankhula pokha kuti, "Chotsaniko pang'ono, achimwene." Wadula foni, ndipo tsopano sakupezeka.

Masulirani msanga. Basi ndi ya mawa m'mawa.