Lenti ya Chisoti Chaminga

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene anandilola kukulira m'manja mwa agogo anga aamuna, a Tembo, ku Wusakile mu Kitwe. Ndikawakumbukira ndimamva fungo la makala onyowa akunyeka pa mbaula, ndi la sopo wofiira amene anamuzolowera kuyambira masiku omwe ankapopa madzi pansi pa mgodi, ndipo m'makutu mwanga mumabwerera mvula ya Malichi ikugogoda malata a khonde lathu.

Pakhondepo, m'chitini cha penti, munali duwa lomwe tinkalitcha chisoti chaminga: kamtengo ka minga yakuthwa, maluwa ofiira ngati madontho a magazi, ndi utomoni woyera ngati mkaka. Agogo akazi ndiwo anabwera nalo kuchokera kwathu ku Katete, ndipo Lachisanu Loyera lililonse ankalinyamula kukaliika patsinde pa mtanda potsiriza Njira ya Mtanda. Atamwalira, azakhali Rozina, mwana wawo wotsiriza, analitenga kukhala udindo wawo. M'mawa uliwonse, asanasese n'komwe, ankalithirira akung'ung'udza nyimbo ya amayi awo.

Lenti itangoyamba, masamba anayamba kuchita chikasu n'kumagwa. Azakhali anadziwa kuti likafa, chaka choyamba cha umasiye wathu mtanda udzakhala wopanda duwa la amayi awo.

"Ni senta iyi," anatero Bana Chanda, mayi oyandikana nafe, akusuzumira pampanda. Senta ndi utsi wa kumgodi woyabwa pakhosi, ndipo kwathu chilichonse chikafota, mlandu unali wake. "Tsukani masamba, muthire madzi ambiri."

Azakhali anawonjezera madzi. Amayi a mphakati wathu akabwera kudzapemphera, aliyense ankatulutsa kabotolo ka madzi odalitsa n'kutsanulira m'chitinimo. Duwa linapitirira kufota.

Agogo anali munthu wosafulumira kulankhula. Tsiku lina titachokera ku Misa anakhala pa mpando wawo, nayang'ana munda wa repu ndi mtengo wa mango, kenako anagwada pafupi ndi chitini. Analowetsa chala m'dothi, nachinunkhiza.

"Rozina, senta imasankha nyumba? Taona repu wa Bana Chanda momwe wabiriwirira. Senta imawotcha nsonga za masamba onse. Awa ayambira pansi, ndipo ndi ofewa. Duwali likumira."

"Likumira bwanji, atate? Si madzi odalitsa amenewa?"

"Odalitsa, inde. Koma ngakhale pa ubatizo wansembe amathira pang'ono, samusiya mwana m'beseni. Ine madzi ndalimbana nawo moyo wanga wonse pansi paja. Akasowa potulukira, amapha."

Anavala magolovesi awo akale a kumgodi, natiuza anafe kuti tiime kutali, chifukwa utomoni uja ukalowa m'diso ndi moto. Atazula duwalo, m'chitini munatuluka fungo la chithaphwi. Pansi pake panalibe chibowo, popeza dzimbiri ndi matope zinali zitatseka zonse. Mizu ina inali yakuda, yoterera. Anaidula ndi mpeni mpaka anafika pamene panali poyera, kenako anagoneka kamtengoko pa thumba, pamthunzi, mizu ili pamtunda.

Apa ndi pamene azakhali analira. "Mwawazula amayi, mwawasiya pansi ngati zinyalala."

Agogo anavula magolovesi pang'onopang'ono. "Amayi ako ali m'manja abwino, mwana wanga, sali m'chitini. Iweyo sunalakwe, unangokonda mopitiriza. Ino ndi Lenti. Ife tikusala, nalonso lisale."

Linasala ndithu, mpaka mabala a mizu anauma. Agogo anaboola chitini ndi msomali, anaika zidutswa za njerwa pansi, nasakaniza dothi ndi mchenga wa kumtsinje. Analibzalanso n'kuliika pamene dzuwa la m'mawa limafika koma mvula yodontha m'malata siifika. Ndiye anachita chinthu chimene ndimanyadira nacho kufikira lero: analibwezera kwa azakhali. Anagwira chala chawo, nachilowetsa m'dothi. "Chikatuluka chouma, thirira. Chikatuluka chonyowa, ungoliimbira nyimbo ija, madzi usiye."

Ndinkawaona azakhali m'mawa ataima ndi kapu m'manja, akulimbana ndi mtima wawo, kenako n'kukathira madziwo pa repu.

Lachisanu Loyera litafika, kamtengoko kanali pafupifupi minga yokhayokha, koma kunsonga kunali timasamba tatsopano tobiriwira ndi kaduwa kofiira kongotsegula kumene. Azakhali anasenza chitini pamutu, agogo ali pambali pawo atavala jekete lawo lakuda, ife tikutsatira m'matope. Bana Chanda anaseka pampanda, nafuulira agogo: "Bashikulu, mwalichiritsa ndi njala!" Agogo anangokweza chipewa. Kutchalitchi azakhali anagwada, naliika patsinde pa mtanda ndi manja awo, ndipo sanalire.

Lero ndimakhala ku Kabushi mu Ndola, ndili ndi ana anga akuluakulu. Wina akayamba kufota, mtima umandituma kuti ndimuthire malangizo, ndimuthire thandizo, ndimuthire nkhawa zanga zonse. Koma ndimayamba ndagwada, kuti ndifufuze kaye pamene pali vuto.

Inu amene mwawerenga, Ambuye akupatseni maso oona muzu wa zimene zikufota m'nyumba zanu, manja odziwa nthawi yothirira, ndi mtima wolimba pa nthawi yoleka. Akusungeni inu ndi ana anu. Amen.