Kuseri kwa Zenera la Sitandade Wani

Sufiyani Chande wa ku Liwaladzi anali wosoka maukonde. Nyanja inamukana akadali mnyamata, bwato litamuphwanya bondo nthawi ya mwera, ndipo anatsala kumtunda ndi singano yake yansungwi. Kusukulu sanapondeko. Bambo ake ankati mwana wa Chisilamu akalowa m'kalasi amatulukamo ndi dzina la eni, mapemphero a swala ataiwala.

Mwana wake Habiba atatha kugwira khutu ndi dzanja lodutsa pamutu, mayi ake, Asiya, anakamulembetsa. Sufiyani anavomera ndi pakamwa pokha.

"Ndikangomva kuti amusintha dzina, basi. Azikainga mbalame kumpunga."

"Mukamva bwanji muli pakhonde pano?" anatero Asiya. "Mpheta zidzakuuzani?"

M'mawa mwake ananyamula ukonde, nakakhala kuseri kwa kalasi, pansi pa zenera. Inali nyengo yadzuwa, mango asanapse. Manja ankasoka, makutu ali m'kati.

Poyamba ankamva "a, e, i, o, u" ndi kuseka kwa ana, pakuti aphunzitsi a Chavula, mnyamata wochokera ku Rumphi, anali wanthabwala. Kenaka nthabwala zinauma. Kuyambira m'mawa mpaka belu loweruka ana ankangoimba nyimbo za chipani. Mango anapsa, mvula yoyamba inagwa, nyimbo zili zomwezo.

"Ababa, kusukulu timangoimba," anadandaula Habiba. "Kulemba tinasiya."

Sufiyani mtima unamuwawa. Dzina la mwana silinakhudzidwe, komanso m'mutu simunalowe kanthu. Tsiku lina anadzuka, nasuzumira pazenera. Choko chinagwa m'manja mwa a Chavula. Anatuluka akupisa m'thumba.

"Khadi ya chipani nayi, bambo. Mukawauze amene akutumani kuti ine sindinanenepo choipa."

"Andituma ndani? Ine ananditokosa ndi mkazi wanga. Ndabwera kudzamva ngati Habiba akadali Habiba."

A Chavula anakhala pansi, pamatope pomwepo. Anaseka mpaka misozi.

"Bambo a Habiba, mwandiwondetsa! Chakudya sichimalowa. Ndimati ndinu khutu la boma."

"Khutu la boma losoka ukonde?"

"Masiku ano ndani akudziwa? Lowani, chonde. Munthu wa kuseri kwa zenera amaopsa. Akalowa m'kati ndi kholo."

Analowa, nakhala kumbuyo atatambasula mwendo wolumalawo. Ana anaseka tsiku loyamba lokha. Ankamva aphunzitsi akuitana "Habiba Sufiyani," mwana nkuyankha, dzina lili lathunthu. Pophunzitsa kuwerengera, a Chavula ankabwereka ukonde wake, ana nkumaloza mfundo zake. Aphunzitsiwo anamupempha kuti aitanenso makolo ena. Anabwera mayi Dailesi ndi khanda kumsana, anabweranso Kalilu wopala mabwato. Ana othawathawa anasiya kuthawa.

Mpunga utayamba kutulutsa ngala, kunabwera lamulo loti aphunzitsi ochokera kumpoto abwerere kwawo. A Chavula anakwera lole pamsewu waukulu ndi mphasa ndi sutikesi. Sanalankhule zambiri, chifukwa pamsewu panali maso. Anangopatsira Sufiyani zidutswa za choko zokulunga m'tsamba louma la nthochi.

Wolowa m'malo sanabwere. Mpunga unayamba kucha, mbalame zinatsika ngati utsi, ndipo makolo anatenga ana awo mmodzimmodzi.

"Ndipatseni Habiba," anatero Asiya. "Ndekha sindingathe. Kusukuluko akuphunzitsa ndani, khoma?"

"Unamulembetsa ndiwe."

"Ndinamulembetsa kwa mphunzitsi, osati kwa inu."

Sufiyani ankadziwa kuti mwana wopita kumbalame sabwereranso m'kalasi. Anawaona ambiri. M'mawa anagwira Habiba padzanja, namupititsa kusukulu. Anapeza ana ochepa akusewera pabwalo, nawalowetsa.

Iye kuwerenga sankadziwa. Ankangokhala pakhomo ndi ukonde, Habiba nkumalemba pabolodi zilembo zimene ankakumbukira, anzake nkumatsatira. Zikawathera, ankayambanso. Kudambo Asiya ankafuula yekha mpaka mawu kusasa, ndipo mbali ya munda yakumadzi inatha ndi mbalame. Madzulo ankamuikira Sufiyani madzi osamba osamuyang'ana kumaso.

Mwera utayamba kuomba, choko chitatsala kachidutswa, Sufiyani anaona chipewa kuseri kwa zenera. Munthu anali atakhala pamalo ake akale aja, phee. Munthu wosalembedwa ntchito, wosonkhanitsa ana m'kalasi la boma ndi choko cha mphunzitsi wothamangitsidwa, angamunenere zotani? Pamenepo anadziwa chimene chinawondetsa a Chavula. Nyimbo ya chipani inafika pamilomo pake, koma anaimeza.

"Lowani," anatero. "Kuno makolo timakhala m'kati."

Chipewa chinanyamuka, nkuzimirira m'chinangwa. Ana onse anali atatembenukira kwa iye.

"Habiba, mama," anatero Sufiyani, "pitiriza."