Kalata Yomangira Muluku

Anandiitana Lolemba m'mawa, mwezi wa Januwale, ndili pakati pa mzere wa tiyi, dengu lili kumsana. Mvula inali itangokata. Kapitawo wathu anaima kumapeto kwa mzere n'kundikodola ndi ndodo, koma maso ake anali pansi.

"Iwe, tula dengu. Akukufuna ku ofesi."

"Ndimalize kaye mzerewu?"

"Aumaliza ena. Kwabwera galimoto ya ku Boma."

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Lero ndine nkhalamba, ndipo izi ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Kulembako ndinaphunzira ndili ndi zidzukulu kale, kusukulu ya kwacha, choncho zilembo zikapendama musadabwe.

Makolo anga anachokera kutsidya, kwa Apwitikizi, akuthawa chikoti. Atafika kuno anapeza Angelezi atagawana kale tsinde lonse la phiri la Mulanje. Bambo anga ankasimba kuti azungu oyambawo anabzala khofi, khofiyo n'kuwakana, ndiye anabweretsa tiyi. Tiyi amafuna manja ambiri, ndipo manjawo tinali ife Alomwe, amene ena ankatitcha Anguru pofuna kutichepsa. Mzungu ankakupatsa pomanga nyumba ndi kamunda ka chinangwa ndi nandolo, iwe n'kumamugwirira thangata. Kudula mtengo, kufulula mowa, ngakhale kumangira mwana wako nyumba akakwatiwa, zonse ankaloleza ndi iye. Nyumba yake inali pamtunda, ya khonde lalikulu ndi denga la malata. M'munsi mwake munali fakitale, sitolo ya mmwenye yogulitsa mchere ndi nsalu, ndi chitsulo cha njanji chopachika pamtengo chimene ankachimenya potiitanira kuntchito.

Mulungu nayenso anali atamupimira malo ake. Pa esiteti panalibe chilolezo chopemphera pagulu popanda kalata ya mbusa wachizungu. Azungu ankaopa kwambiri anthu akuda akasonkhana paokha n'kumaimba. Tchalitchi chololedwa chinali kutali, ndipo amayi anga, ndi mwendo wawo wotupa, sakanafikako. Bambo atamwalira, amayi anayamba kusonkhanitsa anzawo pansi pa msuku, kuseri kwa minda ya chinangwa, pafupi ndi kamtsinje. Sankadziwa kuwerenga ngakhale chilembo chimodzi, koma nyimbo anali nazo m'mutu, ndipo anazitembenuzira m'Chilomwe. Posakhalitsa amuna nawonso anayamba kubwera. Belu tinalibe. Ine ndinkamenya khasu lakutha la malemu bambo ndi mwala.

Masiku ochepa lisanafike Lolemba lija tiyi anaphuka kwambiri, ndipo bwana analamula kuti tithyole ndi Lamulungu lomwe. M'mawa chitsulo cha njanji chinalira. Ine ndinadikira kuti chileke, kenako ndinamenya khasu. Anthu ambiri anatsata khasu.

Tonse tinkadziwa chimene chimachitikira wotsogolera mapemphero otere. Nyumba ankaitentha, mwiniwake n'kukamusiya kumalire m'manja mwa Apwitikizi. Amayi sakanatha ndi mwezi womwe kumeneko, ndipo kunyumba kunali azing'ono anga atatu. Ndili m'galimoto ya polisi, khasu lili pamiyendo ya msilikali, ndinatsimikiza zinthu ziwiri mumtima. Amayi sindiwatchula. Bodza sindinena, chifukwa munthu sangamangidwire pemphero kenako n'kudzipulumutsa ndi bodza. Mmene ziwirizi zikanayendera limodzi sindinkadziwa, ndipo mantha anali atandigwira zedi.

Lachiwiri anandilowetsa kwa mkulu wa polisi. Anali mzungu wachinyamata, wongobwera kumene kuchokera kwawo, khungu lisanazolowere dzuwa. Pambali pake panaima womasulira, bambo wachikulire wovala jekete lachigamba pachigongono, pensulo ili kukhutu.

"Bwana akufunsa," anatero womasulira, "khasuli unamenya ndiwe?"

"Ndine."

"Akuti mtsikana ngati iwe sungachite wekha. Pali mwamuna amene amakusonkhanitsani. Anakutuma ndani? Tchula dzina."

Ndinatsegula pakamwa. Ndipo mawu amene anatuluka anali a kunyumba, mmene amayi ankamutchulira Mulungu m'chinenero chathu.

"Muluku."

Womasulira anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinadziwa kuti wamva, pakuti palibe munthu wakuda ku Mulanje amene sangamve mawu amenewo. Anatembenukira kwa mzungu n'kubwereza dzinalo mmene ndinalinenera, osawonjeza kanthu. Mzungu anamwetulira, n'kulilemba mosamala papepala.

"Akufunsa, amakhala kuti?"

"Alibe nyumba imodzi."

"Anabwera liti kuno?"

"Amayi amati tinawoloka naye limodzi kuchokera kutsidya. Koma ena amati tinamupeza ali kale kuno."

"Ali ndi anthu angati?"

"Sindinawawerengepo, bwana. Ngochuluka."

Cholembera cha mzungu chinkathamanga. Ndikunena zoona, tsiku limenelo sindinkachenjera ayi, ndinkangoyankha zimene ndimadziwa. Koma nditaona nkhope ya womasulira ili gwa, osaphethira, ndinazindikira kuti Mulungu wanditsegulira kanjira.

Ananditsekera m'chitokosi cha akazi. Munali ndowa pakona, chiguduli chimodzi, ndi amayi awiri amene anagwidwa ndi kachasu. Kawindo kanali m'mwamba, ndipo ukaima pazala unkaona nsonga ya phiri mitambo ikachoka.

Lachinayi anatulutsa kalata yomangira Muluku. Asilikali anayi anatumizidwa panjinga kukamufunafuna m'maesiteti onse mpaka kumalire. Sajeni wawo anali Mlomwe mnzathu, munthu wamkulu thupi, wosaseka wamba. Madzulo aliwonse ankabwera pakhomo la chitokosi n'kufuula mokalipa kuti mzungu amve, kenako n'kutsitsa mawu.

"Mtsikana iwe, watiyendetsatu. Matako atupa ndi chishalo."

"Mwamupeza, a sajeni?"

"Paliponse tikafika akuti anali pompano m'mawa. Gogo wina kumsika wati amagona naye nyumba imodzi. Bwana walemba zonsezo."

Amayi a kachasu aja ankaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndinkaseka nawo, koma ndinkadziwa kuti munthu wosekedwa osadziwa amayamba kupsa mtima.

Tsiku lachisanu ndi chinayi mzungu anatopa. Anandiitanitsa masana, n'kutumiza womasulira kukatenga mapepala kuofesi ina. Panatsala iye, msilikali wina wachilendo amene sindinkamudziwa, ndi ine. Anandiuza ndi manja kuti ndiike dzanja lamanja patebulo. Anali ndi Chinyanja chochepa, ndipo chonse chinathera pa mawu awiri: "Ali kuti?" Ankafunsa, msilikali n'kutsitsa ndodo. Sindinawerenge kuti anafunsa kangati. Dzina la amayi linafika pamilomo penipeni, ndinalimva kukoma kwake, pakuti ndinkadziwa kuti ndikangolitchula ndodo ileka. Ndinaluma lilime. Zala ziwiri zimene munthu amathyolera tiyi sizinawongokenso kuyambira masana amenewo.

Womasulira atabwerera anayang'ana dzanjalo, n'kuyang'ana pansi. Potuluka anandinong'oneza kuti, "Pepa, mwanawe. Gwira pomwe wagwirapo."

Lachisanu lotsatira amayi anabwera. Anayenda tsiku lonse ndi mwendo uja, atanyamula kalongonda ndi chinangwa chophika m'kansalu. Sajeni anawalola kuima pakhomo. Ataona dzanja langa lokulungidwa m'chiguduli sanalire. Anaika chakudya pansi n'kumanga nsalu yawo molimba m'chiuno.

"Mayi, musachite zimenezo," ndinatero m'Chilomwe. "Zala zapita kale. Mukufuna zipite pachabe?"

"Iwe khala chete. Ndinakubereka ndine."

Analunjika kuofesi ya mzungu. Chitseko chinali chotsegula, ndipo ndinamva zonse.

"Muuzeni bwanayo," anatero amayi kwa womasulira, "kuti wosonkhanitsa anthu pansi pa msuku ndine. Mwanayo amutulutse."

Womasulira anamasulira, ndipo ndikhulupirira anamasulira zonse, chifukwa sanali munthu wabodza. Kenako ndinamva mzungu akuseka. Anaona mayi wosavala nsapato, wotsimphina, wosadziwa kugwira buku, ndipo m'mutu mwake munali kale mwamuna woopsa wochokera kutsidya.

"Bwana akuti," anatero womasulira mokweza, "mayi aliyense anganene choncho pofuna kuwombola mwana wake. Akuti pitani kwanu, musamutayitse nthawi. Iye akufuna Muluku."

"Amufunefune ndithu," anatero amayi. "Akamupeza zimuyendera bwino."

Anabwerera pakhomo la chitokosi atakwiya kwambiri kuti sanawakhulupirire. Ine ndinalira, ndipo aka kanali koyamba kulira chilowereni m'menemo. Ndinalira ndi chimwemwe. Mzunguyo choonadi tinamupatsa kawiri, ine kamodzi, amayi kamodzi, ndipo kawiri konseko sanachizindikire.

Mlandu unalowa patatha masabata atatu chimangidwireni. Bwalo linadzaza, ena ataima m'mawindo, chifukwa nkhani inali itafika m'midzi yonse. Bwana wa esiteti anakhala kutsogolo, chipewa chili pabondo. Khasu lija analiika patebulo ngati umboni. Woweruza anali mzungu wokalamba amene anakhala m'dziko muno zaka zambiri. Mkulu wa polisi anawerenga zimene anapeza: kuti pali munthu wosakhazikika malo amodzi, wokhala ndi anthu osawerengeka, amene aliyense amamudziwa koma palibe womupereka. Atatchula dzinalo, woweruza anavula magalasi. Anatembenukira kwa womasulira n'kufunsa m'Chinyanja, kuti tonse timve.

"Kodi Muluku ameneyu ndani?"

Womasulira anaima chilili, n'kuloza Baibulo lolumbirira limene linali patebulo, pafupi ndi khasu.

"Ndi mwini wake wa buku ilo, bwana. Alomwe amamutchula choncho."

Bwalo linaphulika. Amayi ena kunja anayamba nthungululu, asilikali n'kumawaletsa uku mapewa awo akugwedezeka. Mkulu wa polisi anafiira mpaka m'makutu. Anakalipira womasulira m'Chingelezi, ndipo yankho la womasulirayo anthu akale a kuno ankalibwereza mpaka imfa yawo.

"Bwana munati ndikuuzeni dzina. Tanthauzo simunandifunse."

Woweruza anamenya patebulo. Anati kumenya khasu pamalo a mwini popanda chilolezo ndi mlandu ndithu, koma masiku amene ndakhala m'chitokosi akwanira. Kenako anandiuza kuti ndikweze dzanja lamanja. Analiyang'ana, n'kuyang'ana mkulu wa polisi. Kalata yomangira ija anaipinda pawiri n'kuilowetsa m'thumba lake.

Ndikutuluka, sajeni anandithamangira ndi khasu m'manja.

"Tenga katundu wako. Ukakumana naye uja, umuuze kuti ife tinayesetsa."

Tinkayembekeza kuti bwana wa esiteti atithamangitsa. Sanatero. Ena amati anzake ankamuseka kukalabu yawo moti sankafunanso kumva za nkhaniyi. Ena amati tiyi anali ataphukiratu ndipo ankaopa kuti akachotsa banja limodzi, mabanja ambiri anyamuka. Chimene anachita n'chakuti Lamulungu chitsulo cha njanji sichinalirenso. Ine kumzere wa tiyi sindinabwererenso, pakuti zala zinakana. Ndinayamba kulima nanazi, ndipo nanazi ndiye anaphunzitsa ana anga.

Lamulungu loyamba nditatuluka, anthu anadzaza pansi pa msuku mpaka kutsidya la kamtsinje. Ndinalephera kugwira khasu ndi mwala nthawi imodzi. Amayi anatenga khasu n'kulikweza m'mwamba, poyera, pamaso pa kapitawo amene anaima chapatali. Ine ndinamenya ndi dzanja lamanzere. Kapitawo anavula chipewa, ndipo nyimbo yachiwiri isanathe anali atakhala pansi kumbuyo kwa amuna.

Thangata inatha, mbendera inasintha, ndipo ndinavina nawo tsiku limenelo monga wina aliyense. Koma ndikafunsidwa kuti ufulu ndinauona liti, ndimati ndinauona patebulo lija, pamene ndinazindikira kuti angathe kuthyola zala koma dzina lili m'kamwa mwanga sangalitulutse. Sindimudanso mzungu wachinyamata uja. Ndimamumvera chisoni, chifukwa anakhala pakati pathu osationa.

Pamene panali msuku lero pali tchalitchi cha njerwa, ndipo ana a masiku ano anagula belu lenileni, lolira bwino. Khasu analipachika pakhoma mkati. Chaka chatha akuluakulu a mpingo anabwera kwa ine ndi kope, akuti akufuna kulemba mbiri, ndipo mlembi wawo anandifunsa mwaulemu kuti, "Agogo, bambo amene anayambitsa mpingo uno anali ndani?"

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Zaka zonsezi, anthu akufunabe mwamuna. Ndinamuuza kuti akhale pansi, atsegule tsamba latsopano. Dzina limene ndinalitsekera m'kamwa masabata atatu aja ndinalitchula mokweza, kawiri, kuti asalakwitse chilembo. Linali la amayi anga.