Lois, Amene Anabwezera Isabella Thupi Lake

Mukatsika minibasi pa Mhuju, kuseri kwa chigayo kuli kachipinda ka chitseko chobiriwira. Mmenemo ndi mwa Lois NyaKalua, wobena nyimbo ndi mafilimu pa zimbale ndi pa mafulashi. Ine ndinamudziwira kusikelo, tonse ana kumbuyo.

Lois sukulu anaisiyira Folomu 2 bambo ake atamwalira. Anayamba ndi kugulitsa tomato, kenako mlongo wake popita ku Joni anamusiyira kompyuta kuti azimusungira. Iye m'malo moifunditsa nsalu anayamba kuigwiragwira, kuwononga zimbale, kuyambanso, mpaka anaidziwa. Lero ambiri amangofuna za pa fulashi, koma Lois zimbale sanazisiye, poti kumapiri madeki akale akadali amoyo. Pathebulo pake pali deki yokalamba ndi tivi ya chimsana, zimene anzake amamuseka nazo. Chimbale sichituluka pakhomo asanachionere pamenepo.

Chaka chatha mlamu wanga Isabella anakwatiwa ku Mzuzu. Apongozi anga, a Hezron Msowoya, sanapite. Miyendo inawatupa, ndipo msewu wa ku Nchenachena nthawi ya mvula si woyendetsapo wodwala. Wojambula anatipatsa filimu pa fulashi, yokonzedwa bwino, yowala moti mkanda uliwonse wa pa diresi unkaoneka. Amuna anga anapita nayo kwa mnzawo amene anaiponya pa chimbale msangamsanga, ife n'kukwera nacho kumudzi.

Tinalumikiza deki ku batire la sola, anthu anadzaza m'nyumba. Filimu inayamba, koma onse a mmenemo anatalika ngati bulugamu. Ana anaseka abusa. Apongozi sanaseke. Isabella, amene anachoka pakhomo ali ndi masaya ake, anaoneka wowonda, khosi lalitali, nkhope yachifunga.

"Mwana wanga akudwala, ndipo mukundibisira," anatero.

Tinati ndi tivi chabe, iwo anati tivi yomweyo imawaonetsa makwaya onenepa bwinobwino. Isabella anawaimbira foni, iwo anati mawu saonetsa thupi. Zithunzi za pafoni maso awo sazionanso. Anayamba kubweza chakudya, ndi nyemba zomwe, n'kumafunsa wa njinga yamoto woti awatsitse akaone mwana wawo ku Mzuzu, miyendo ili choncho.

Ndinathamangira kwa Lois, fulashi ndi chimbale chija m'manja. Atachiika mu deki yake anaseka mpaka mwana anadzuka kumbuyo.

"Asisi, mlamu wanuyu ndani wamupanikiza pachitseko?"

Anandifotokozera kuti makamera a lero amajambula motambalala, pomwe tivi ya apongozi ndi yopapatiza, ndiye chimbale chikakonzedwa mosasamala anthu amafinyidwa m'mbali kuti akwane. Komanso ukwati wonse, kuyambira kutchalitchi mpaka perekaniperekani, anaukanikiza pa chimbale chimodzi, n'chifukwa chake nkhope zinachita chifunga.

Chimbale chakalecho anachiika pambali, nayambira pa fulashi. Anaugawa ukwatiwo pawiri, za kutchalitchi pazokha, za kuholo pazokha. Anasiya mizere yakuda pamwamba ndi pansi kuti anthu akhale mmene Mulungu anawalengera. Kompyuta inalira kuyambira m'mawa, magetsi anazima pakati, chimbale chimodzi chinawonongeka, iye anangotenga china. Nditamufulumizitsa anandiuza kuti chobena mothamanga chimakakamira pa deki yakale, ndisankhe ndekha. Ndinakhala pansi n'kuyamwitsa. Pomaliza tinaonera zonse pa tivi ya chimsana ija, ndipo anandipatsa zimbale ziwirizo zitakulungidwa munsalu.

Kumudzi apongozi anasendeza mpando mpaka mphuno kufuna kugunda galasi. Kwaya inayamba, chitseko cha tchalitchi chinatseguka, Isabella analowa, masaya ali phwii, diresi itamuthina m'mikono. Apongozi anati tibwezere kumbuyo. Tinabweza, anatinso tibweze.

"Uyu ndiye NyaMsowoya wanga. Wawapitirira ndi amayi ake omwe." Anatembenukira kwa ine. "Yewo chomene, mkamwana. Nyemba zija zatha?"

Anadya n'kuwonjezera, ndipo wa njinga yamoto anauzidwa kuti asavutike. Popita kwathu anandisenzetsa mkoko wa nthochi woti ndikapereke kwa Lois.

Nkhaniyi inayenda mapiri onse. Tsopano pa tsiku la msika mumaona amayi a ku Nchenachena atamanga fulashi pansonga ya chitenje, akufunsa pachigayo kuti mayi wonenepetsa anthu uja amakhala pati. Anzake aja amene ankaseka tivi ya chimsana ndi amene amawalozera chitseko.